Matabwa a ku Kaning'ina

Anabwera nawo usiku pa njinga ziwiri,
matabwa asanu ndi awiri a katope, akadali aawisi.
Sindinafunse kumene achokera.
Kalipentala wa ku Chibavi safunsa za mtengo,
amafunsa mtengo wake.

M'mawa, kamvula ka Mzuzu kali waa pamalata,
ndinawatsamiritsa kukhoma kuti aume,
ndipo odutsa anayamba kuima.

NyaLuhanga, uja amavinitsa vimbuza ku Masasa,
ananunkhiza thabwa ngati mayi pamutu pa khanda.
"Uwu ndi wa pakasupe. Munali eni ake umu.
Agona kuti tsopano, kuzizira konseku?"
Anawaza kaufa pansi, napita osatsanzika.

Mkulu wampingo Chavula anaseka mpaka kutsokomola.
"Mzimu m'thabwa? Mpweya unauziridwa m'mphuno mwa munthu yekha.
Nkhalango tinapatsidwa kuti tiilamulire.
Koma chakuba ndi chakuba, a Mhone,
tchimo lanu lili pa lisiti limene mulibe."
Atatero anapempha benchi ya kwaya pangongole.

Ajibu telala, wapakhonde loyandikana,
sanaimitse n'komwe makina.
"Chilichonse chimatamanda Mwini wake,
mtengo, nyerere, ngakhale chithunzithunzi chimagwada madzulo.
Kungoti chinenero chake sitichimva.
Mwadula pemphero pakati."

Mwana wanga Lusayo wa fomu 3 anati
mizu imasunga madzi, madzi amatsikira mu Lunyangwa,
Lunyangwa ndiye amatuluka pampopi wathu.
"Ukadzauma mu Okutobala, adadi, musadzatukwane boma."
Mayi ake, a Sabata, sanalowerere.
Iwo amati akufa ali m'tulo, samva kanthu,
ndipo Lachisanu dzuwa likalowa amandibisira hamala.

Lachitatu lotsatira, Gomezgani,
wamng'ono mwa anyamata a njinga aja,
anagundana ndi lole potsetsereka pamsewu wa ku Nkhata Bay,
matumba atatu a makala kumbuyo.

Eni kasupe akwiya, anatero wina.
Malipiro a uchimo, anatero wina, motsitsa mawu.
Tsiku lake linalembedwa asanabadwe.
Mabuleki, anatero Lusayo, akulira,
mabuleki basi, anali omanga ndi mphira.

Mayi wa malemu anafika ndi ndalama zomanga pansonga ya chitenje,
zosakwana ngakhale misomali.
Ndinayang'ana kukhoma.

Usiku wonse ndinapala.
Thabwa laliwisi limakana mpeni, limalira,
fungo lake ngati dothi la mvula yoyamba.
Ajibu, amene bokosi sadzalifuna,
anandiunikira ndi foni mpaka batire kutha,
kenaka anasoka nsalu yoyera ya m'kati, osatchula mtengo.
Chavula anabwera mbandakucha ndi tiyi m'fulasiki,
nagwira kumutu pamene ndimakhoma kumapazi.
NyaLuhanga anakhala pakhomo chete,
milomo yokha ikuyenda.
Sindidziwa ankalankhula ndi mnyamata kapena ndi mtengo.

Kumanda ku Zolozolo kunali nyimbo zitatu zosagwirizana,
koma makasu anali kulandizana bwinobwino,
ndipo dothi lofiira silinafunse khadi la ubatizo.

Mapalepale ndinayala m'khola la nkhuku.
Zitosi zake zili m'dimba la mkazi wanga,
mpiru wake tadya tonse, ndi Ajibu yemwe.
Amakanganabe pakhonde panga masana aliwonse,
aliyense ali ndi kumwamba kwake,
onse akuwothera mbaula imodzi
ya makala amene sindikufuna kufunsa kwawo.

Ine Lamulungu ndimakhala benchi yakumbuyo,
imene ndinakhoma ndekha, yosalipiridwabe.
Pemphero likatalika ndimasisita thabwa ndi chala,
kuwerenga mizere ya zaka zake.

Latsala limodzi kukhoma kuja.
Wandifunsa wa mashelefu kawiri, ndamukaniza.
Chiswe chaliyamba kunsi,
chikulisenza pang'onopang'ono
kubwerera nalo pansi.